Galimoto Imene Tinaipumitsa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene adada anabwerako ku Joni ndi galimoto. Kunali chakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi, masiku amene munthu sunkalowa mumsika wa pa Boma la Mzimba ulibe khadi la chipani m'thumba. Kwathu ndi kufupi ndi Manyamula, ndipo kumeneko mwamuna wochokera ku Joni tinkamuyembekezera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Adada anabwera ndi galimoto yathunthu, yobiriwira, yopangidwa ku Jeremani. Anawasiyira ndi mzungu amene ankamusamalira maluwa, pa nthawi imene ankasamuka. Inali yokalamba ndithu, koma mudzi wonse unabwera kudzaigwira.

Anabweranso ndi makutu akufa. Asanayambe ntchito ya maluwa anakhala zaka zambiri mumgodi akubowola miyala, ndipo phokoso la makina linawadya makutu. Lakumanzere lokha ndi limene linkamvako pang'ono, munthu ukayandikira n'kukuwa m'Chitumbuka. Chichewa cha anthu olankhula mothamanga chinkangowadutsa. Motero ine Towera, mwana wawo woyamba, ndinasanduka makutu awo. Kulikonse kumene kunali munthu wa Chichewa, ku ofesi kaya kusitolo, ndinkaima kumanzere kwawo n'kumawakuwira zimene zanenedwa.

Ntchito imeneyi ndinkaikonda koopsa, ndipo ndinene mosabisa kuti inandikuza mutu. Chitumbuka masiku amenewo sichinkamveka pa wailesi kapena m'kalasi, ndiye mwana wodziwa Chichewa ankaoneka ngati wafika kale patali. Ine ndinali nambala wani. Aphunzitsi athu, mayi a ku Dedza, ankawerenga chimangirizo changa kalasi yonse ikumva, ine n'kumayenda ngati wobadwira ku Lilongwe chonsecho ngakhale ku Kasungu ndinali ndisanapondeko. Chichewa changa chinali cha m'buku ndi cha pabwalo la sukulu, koma zimenezo ndinalibe wondiuza.

Galimoto ija inatitumikira bwino miyezi ingapo, kenaka inayamba khalidwe lachilendo. Ikamathamanga inalibe vuto. Koma adada akangochotsa phazi popatsira moto, kuti aime kapena akhote, injini inkanjenjemera n'kuzima. Amakaniko a pansi pa mtengo wa mango pa Boma anati vuto ndi silo, kutanthauza kulira kwa injini payokha galimoto itaima. Anatenga sikuludiraiva kuti akapotokole kasikulu ka silo pa kabuleta monga ankachitira ndi galimoto zonse. Anafufuza, anaitana anzawo, anafufuzanso. Galimotoyo inalibe kabuleta. Anapukuta manja n'kuwauza adada kuti apite ku Luwawa, kumene kunali makaniko wina wophunzira amene ankakonza malole onyamula mitengo.

Nkhaniyi sinali yongofuna kunyadira galimoto. Amama anali oyembekezera, ndipo mimba yapitayo mwana anapitirira pobadwa, kunyumba konkuno. Anamwino anali atawauza mosapita m'mbali kuti ulendo uno akachilire ku chipatala chachikulu pa Boma, ndipo ngati n'kotheka apite msanga akadikirire komweko. Koma inali nthawi yokolola, ana aang'ono awiri analipo, ndipo adada anati munthu amene ali ndi galimoto pakhomo sagoneka mkazi wake pa khonde la chipatala mwezi wathunthu. Tsiku likadzafika adzawanyamula okha.

Tinapita ku Luwawa Loweruka lina m'mwezi wa Meyi. Ndikukumbukira kuzizira kwake, nkhungu ili yakata m'mitengo ya paini ngakhale masana, ndi fungo la utuchi wosakanikirana ndi dizilo. Makanikoyo anali a Matewere, a ku Mulanje, bambo wamfupi wovala ovolosi yong'ambika pabondo. Anatsegula boneti, anauza adada ndi manja kuti alize, anamvetsera, injini n'kuzima. Anatero katatu. Kenaka analowetsa mutu mkati, anagogoda ndi sipanala kachitsulo kena kooneka ngati kachitini, kamene kanali ndi mapaipi awiri a labala, n'kuyamba kulankhula.

Ankalankhula mothamanga, mutu uli mu injini, Chichewa chakumwera chosakaniza ndi mawu a ntchito yawo. Ine ndinaima pambali manja ali m'khwapa chifukwa cha mphepo, ndipo pa mawu khumi aliwonse ndinkatolapo atatu. Ndinamva akuti “katopa.” Ndinamva akuti “siikupuma.” Ndinamva “Lolemba,” ndinamvanso “milungu iwiri.” Zina zonse zinapita ndi mphepo ya ku Viphya.

Anatulutsa mutu n'kundiyang'ana. “Wamva, mtsikana iwe?”

Panali anyamata awiri a m'galaja amene ankandiyang'ana, ndipo adada anali atangowauza kumene, m'Chichewa chawo chothyokathyoka, kuti mwana wawoyu ndi nambala wani. Ndinadziwa bwinobwino mumtima kuti sindinamve.

“Ndamva,” ndinatero.

Adada anaweramitsa khutu lakumanzere. “Wakuti vichi?” Akuti chiyani?

Ndinalumikiza zidutswa zanga zija mmene zinkaonekera kuti zikugwirizana. Kupuma ine ndinkakudziwa: belu likalira tinkatuluka kukapuma. Ndiye ndinawakuwira m'Chitumbuka kuti amakaniko akuti galimoto yatopa, ipumule milungu iwiri kuyambira Lolemba.

Adada anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Zinawamvekera zanzeru, pakuti galimotoyo inachoka ku Joni ndi matayala ake ndipo chifikireni sinakhalepo tsiku osayenda. Anagwira dzanja la a Matewere ndi manja awiri. “Yewo chomene, bwana.” Tikukwera, a Matewere anandikuwira kuti, “Ndiye mundidziwitse Lolemba lisanafike!” Ndinayankha kuti chabwino, osadziwa n'komwe kuti tiwadziwitse chiyani.

Kunyumba adada anaimika galimoto pansi pa mtengo wa muwanga, anaika miyala kumatayala n'kuifunditsa masaka. Ana analetsedwa kuiyandikira. Munthu akabwera kudzapempha kuti amuperekeze kwinakwake, adada ankayankha monyadira kuti galimoto ikupumula molamulidwa ndi katswiri wa ku Luwawa. Amama anafunsanso za kupita kukadikirira ku chipatala, adada n'kuti palibe chifukwa, pofika nthawiyo galimoto idzakhala ndi mphamvu zatsopano. Ine ndinkadutsa pafupi ndi masaka aja popita kumadzi, mtima n'kumandiluma pang'ono, koma ndinkadziuza kuti mwina ndinalondola.

Milungu iwiri itakwana anachotsa masaka, anapukuta galasi, analiza. Inavuta kudzuka chifukwa batire linali litafooka ndi kukhala komanso kuzizira. Italira anachotsa phazi, ndipo inanjenjemera n'kuzima monga kale. Adada anapsa mtima. Anati munthu wakumwera uja anangofuna kuwachotsa pamaso pake, anati anthu ophunzira amanyoza anthu akumudzi, ananena zambiri. Ndinali pomwepo, nditanyamula masaka. Apo ndiye panali poti ndinene kuti adada, ine tsiku lija sindinamve bwino. Ndinaona mmene nkhope yawo inalili, ndinaganiza za dzina langa la nambala wani, ndipo ndinapinda masaka n'kukawaika m'khitchini. Adada anati akamaliza kuthira chimanga m'nkhokwe adzafunafuna makaniko wina ku Mzuzu.

Chimanga chisanathe, amama matenda anawayamba. Unali m'mawa, dzuwa litangotuluka. Azakhali anga, alongo awo a adada, anawagoneka kumpando wakumbuyo n'kukhala nawo, ine kutsogolo chifukwa ku chipatala kunkafunika makutu. Adada analiza, phazi osalichotsa pamoto, ndipo tinanyamuka injini ikukuwa.

Pakati pa kwathu ndi msewu waukulu pali kamtsinje kopanda mlatho. Njira imatsetsereka kwambiri, pansi pali mchenga, kenaka imakweranso. Pamenepo woyendetsa amafunika kuponda buleki ndi kilatchi nthawi imodzi, ndipo munthu ali ndi mapazi awiri basi. Adada atangochotsa phazi pamoto, injini inazima tili pakati pa kutsetsereka. Analiza, inadzuka, inazimanso matayala akutsogolo atalowa mumchenga. Kachitatu batire linangolira mofooka. Kachinayi silinayankhe n'komwe.

Tinayesa kukankha, ine ndi azakhali, koma galimoto ili mumchenga sikankhidwa ndi mayi mmodzi ndi mwana. Adada anathamangira kumudzi wapafupi kukapempha ngolo. Ng'ombe zinali zitapita kale kudambo, ndiye panafunika wokazitenga, kuzimanga, kubwera nazo. Nthawi yonseyi amama anali atagwira chitseko cha galimoto, osakuwa, akungoluma nsalu. Azakhali anandithamangitsa kuti ndikaime patali, poti zimenezo si zoona ana. Ndinakaima pachulu n'kumayang'ana mthunzi wanga ukufupika mpaka unalowa pansi pa mapazi. Ngolo inatifikitsa pa msewu waukulu, pomwe tinadikiranso mpaka lole ina ya chimanga inatinyamula. Tinalowa pa chipatala dzuwa litapendeka, ndipo amama anapita nawo molunjika ku opaleshoni.

Patapita nthawi kunatuluka namwino wina wamtali, wa ku Ntcheu. Anayamba kulankhula ndi adada, ataona kuti sakumva anatembenukira kwa ine. Iyeyu ankalankhula modekha, ndipo ndinamva liwu lililonse.

“Uwauze bambo ako kuti mayi ali bwino. Mwana ndi wamwamuna. Koma anachedwa kulira, ndipo mpaka pano sakupuma bwino.”

Ndinawakuwira adada kuti amama ali bwino, mwana ndi mwamuna, kungoti akulephera kupumula. Adada anaseka kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Anawomba m'manja n'kunena kuti mwamuna amatero, wayenda ulendo wautali, agona mawa.

Namwino uja sanaseke. Anayang'ana adada, anayang'ana ine.

“Wawauza chiyani?”

“Kuti mwana sakupuma. Sakugona.”

Anagwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa pake. Anakoka mpweya wambiri, anautulutsa, anakokanso. “Kupuma uku. Mpweya. Kwanu kuno mumati kuthuta. Mwanayo sakuthuta bwino. Auzenso.”

M'Chitumbuka awa ndi mawu awiri osayandikana n'komwe: kupumula ndi kwa munthu wotopa, kuthuta ndi kwa munthu wamoyo. M'Chichewa ndi liwu limodzi. Mwina ndinali nditaliwerengapo penapake m'tanthauzo linalo, koma limene linakhazikika m'mutu mwanga linali la belu la sukulu. Dzanja langa lili pachifuwa cha mayi uja, ndinamvanso mawu a a Matewere akuchokera pansi pa boneti, akuti siikupuma. Ndinawauza adada zoona zake za mwana, ndipo ndinaona kuseka kuja kukuchoka pankhope pawo. Anakhala pansi pakhonde pomwepo, chipewa chili m'manja.

Mwanayo anakhala ndi moyo. Anakhala m'chipinda cha ana odwala masiku asanu ndi atatu, ndipo pa tsiku lachitatu ndi pamene ine ndinalephera kupirira. Tinali kuseri kwa chipatala kumene odikirira odwala amaphikira, adada atakhala pa njerwa. Vuto loulula tchimo kwa munthu wosamva ndi lakuti sunganong'one. Ndinayamba motsitsa mawu, iwo n'kumati “Vichi?” Ndinakweza, anatinso “Vichi?” Mapeto ake ndinaima kumanzere kwawo n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse, misozi ili chuchuchu, kuti ku Luwawa sindinamve, ndinangopeka, ndipo galimoto sinkafuna kupumula ayi. Amayi onse amene ankaphika pamenepo anasiya miphika n'kutembenuka. Sindinachitepo manyazi otero moyo wanga wonse.

Ndinkayembekezera khofi, ndipo ndikanalilandira mosangalala. Adada sanakweze dzanja. M'malo mwake analankhula, mokweza monga amachitira anthu osamva, moti amayi aja anamvanso yankho.

Anati iwonso tsiku lija anaona makaniko uja akugogoda kachitsulo ndi sipanala. Anadabwa kuti munthu wonena za kupumula akulozeranji chitsulo chimodzi. Anafuna kumuuza kuti abwere kukhutu kwawo anene pang'onopang'ono, kapena ajambule pansi, koma sanafune kuti anyamata a m'galaja aja adziwe kuti mwini galimoto ya ku Jeremani ndi gonthi. “Mbwenu tose tawiri tikachita soni,” anatero. Tonse awiri tinachita manyazi. Nkhaniyi sanaibwerezepo mpaka imfa yawo.

Galimoto inakokedwa ndi ng'ombe kuchoka mumchenga muja, batire linakatchajidwa pa Boma, ndipo amama atatuluka m'chipatala tinabwerera ku Luwawa. A Matewere anatilandira ndi funso. Anati anatidikira mpaka Lolemba lija m'mawa, dalaivala wa lole yopita ku Blantyre atachita kuchedwa chifukwa cha ife, ndipo ataona zii anaganiza kuti takapeza thandizo kwina. Ndinawafotokozera zonse ndekha, adada atandiuza kuti pakamwa pamene panalakwa ndi pomwe pakonze.

A Matewere anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. “Safunsa anadya phula, mwanawe. Komanso ine ndimalankhula ngati ndikuthamangitsidwa, akazi anga amandiuza tsiku ndi tsiku. Bwera kuno.”

Ulendo uno anatulutsa mutu mu injini. Anandionetsa kachitini kaja n'kunena kuti dzina lake ndi valavu ya silo. Woyendetsa akachotsa phazi pamoto, njira yaikulu ya mpweya imatsekeka, ndiye kavalavu aka ndi kamene kamatsegula kanjira kakang'ono kuti injini izipumabe. Kathu kanali katatsekeka ndi mwaye ndipo kamota ka mkati mwake kanali katatha. Ndi chimene ankatanthauza ponena kuti katopa. Kankafunika kusintha, ndipo kakanapezeka ku Blantyre kokha, kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zowonongeka. Lole inkapita Lolemba n'kubwerako patatha milungu iwiri.

“Wamva?”

“Ndamva.”

“Ayi. Undiuze chimene wamva.”

Ndinabwereza. Pamene ndinaphonya anandikonza, ndinabwerezanso, ndipo atakhutira ndi pamene anandilola kupita kukhutu la adada. Kenaka anauza adada kuti nawonso aloze ndi chala chitsulo chimene chikunenedwa.

Kavalavu kanabwera patatha milungu iwiri, katakulungidwa m'nyuzipepala. Ntchito yake inandikhumudwitsa ndi kuchepa kwake. A Matewere anachotsa waya wa batire, anazula pulagi ya mawaya pa kavalavu kakale, anamasula timalamba tiwiri tomanga mapaipi, n'kukasolola. Anandipatsa kuti ndisuzumire mkati, ndipo munali bii ngati kunsi kwa mphika. Anatsuka mapaipi aja ndi petulo, anayang'ana ngati sanang'ambike, analowetsa katsopano molondoleza kamuvi kojambulidwa pambali pake, anamanga, anabwezera pulagi ndi waya. Tiyi amene anyamata anatereka tikufika anali asanazizire. Ndinaima pamenepo n'kumawerengera mumtima kuti tikanawayankha Lolemba lija, kanthu aka kakanalowa m'malo mwake kutatsala masiku angapo kuti amama adwale.

A Matewere anauza adada kuti alize, kenaka anawakodola kuti atuluke. Adada anakayika, anachotsa phazi pang'onopang'ono, anatuluka. Injini inapitiriza kulira yokha, mofatsa, mopanda munthu mkati. Iwo sankaimva. Anaika chikhatho pa chitsulo cha pamwamba pa tayala n'kuima choncho nthawi yaitali, akumva kunjenjemera kwake ndi dzanja. Pobwerera kunyumba anaima dala pa kamtsinje kaja, pakati penipeni pa kutsetsereka, ndipo sinazime.

Mwana uja, mlongo wanga, anamutcha Vitumbiko. Anachedwa kukhala, anachedwa kuyenda, analankhula ali ndi zaka zinayi, ndipo sukulu inamukanika ali Sitandade 2. Ndafunsapo madokotala angapo ngati maola a pamchenga aja ndi amene anachititsa. Ena amati n'kutheka, ena amati palibe angadziwe. Ndinasiya kufunsa nditazindikira kuti ndikungofunafuna wondiuza kuti ayi.

Makolo athu onse anapita, ndipo Vitu amakhala ndi ine pa Boma, bambo wa ndevu zake. Ndi iye amene ndimamutuma kumsika. Ndikamuuza zokagula amaima pakhomo, n'kunena kuti, “Yowoyaniso, adumbu.” Nenaninso, alongo. Ndimanenanso. Amabwereza yekha mokweza, akaphonya amafunsanso, kawiri, katatu, kaya pali alendo kaya palibe, nkhope ili gwa, wopanda manyazi ngakhale pang'ono. Alendo ena amaseka, ena amandimvera chisoni poganiza kuti ndimatopa naye. Sinditopa naye. Ndinazindikira mochedwa kuti mawu ovuta kwambiri kuwatchula, m'chilankhulo chilichonse, ndi akuti sindinamve, ndipo amavuta kwambiri kwa ife amene tinauzidwa kuti ndife anzeru. Vitu amawatchula tsiku lililonse, ndipo zaka zonsezi sanabwerepo kumsika ndi chinthu chimene sindinamutume.